Tsiku la Madesiki kwa a Kassimu

"Kodi iwe Prisca, tsiku lija unajambula ana muno, linali tsiku lanji?"

Anandifunsa choncho a Kassimu, ometa tsitsi a pa Nsaru, atakhala pampando wa makasitomala, akutsuka makina awo ometera ndi kamswachi kakutha. Ine ndinali ndi ndowa ya chimanga pamutu, ulendo wa kuchigayo. Ndinali nditatha sabata ziwiri ndikulambalala khomo lawo, kuzungulira kuseri kwa ogulitsa matemba, koma tsikulo ndowa inalemera ndipo miyendo inangotenga njira yachidule yokha. Pakona pa shopu yawo, kanema wa magemu anali atafunditsidwa chitenje ngati munthu wodwala malungo.

Yankho ndinkalidziwa. Koma kuti mumvetse chimene chinaumitsa lilime langa, ndiyambe ndakuuzani za iwowo, chifukwa wailesi itanena za iwo inangotchula mtundu wa chitseko chawo basi.

A Kassimu anabadwira pa Nsaru pomwe pano. Bambo awo ankagulitsa nsalu ndi mchere, n'kumazungulira nazo panjinga masiku a msika ku Kabudula ndi ku Nambuma. Miyendo ya bambowo itayamba kutupa, panafunika wina wopalasa njingayo, ndiye sukulu ya a Kassimu inathera mu Sitandade 3. Atakula anapita ku Lilongwe, nakakhala kondakitala wa minibasi za msewu wa Mchinji zaka zisanu ndi chimodzi. Amati tawuni inawapatsa zinthu ziwiri, chifuwa ndi makina ometera, ndipo chifuwacho anachisiya konko. Atabwerera anakwatira amayi Mwanahamisi, amene mpaka lero amakazinga samusa pakhonde la shopuyo. Chitseko anachipenta okha utoto wobiriwira, wotsala pamene ankapenta mzikiti.

Kuwerenga amawerenga pang'ono. Manambala sawavuta, mayina a malo sawavutanso, poti anazolowera zikwangwani za minibasi. Koma chiganizo chikatalika amachisiyira panjira. Chimene amakonda ndi kalendala. Pambali pa galasi pamakhala kalendala ya ogulitsa mbewu, ndipo m'mawa uliwonse, asanasese n'komwe, amatenga pensulo pakhutu n'kudula tsiku ladzulo. Ukawafunsa kuti mvula yoyamba inagwa liti chaka chatha, amakuuza deti yake ndi munthu amene ankamumeta nthawi imeneyo.

Magemu anabwera zaka zitatu zapitazo. Mphwawo wina wochokera ku Joni anawasiyira kabokosi kakuda kakalekale ndi mapadi awiri, timakina tija ana amagwira m'manja posewera. Munali mpira ndi mpikisano wa magalimoto. Chimbale cha magalimoto chinakandika mwezi woyamba womwewo, ndiye kunatsala mpira wokha. Iwo analumikiza kabokosiko ku kanema ndi batire la sola, cholinga chawo chili chakuti ana odikira kumetedwa asiye kulira ndi kuthawa. Ana analekadi kuthawa. Vuto linakhala lakuti anayamba kubwera ngakhale mitu ili mbee.

Tsiku lina m'mawa anapeza kamnyamata ka yunifolomu katakhala pabenchi, belu la sukulu litalira kale. Amayi Mwanahamisi amati tsiku limenelo amuna awo sanadye bwino. Ankangoti, "Ine ndinasiya sukulu chifukwa cha njinga ya bambo anga. Wina adzati anasiya chifukwa cha kabokosi ka Kassimu? Ayi." M'mawa mwake anayambitsa lamulo limene mwana aliyense wa pa Nsaru amalidziwa, lamulo la kope.

Limayenda chonchi. Mwana akafika pakhomo tsiku la sukulu, sapereka moni kaye, amapereka kope. A Kassimu amanyowetsa chala, n'kutsegula tsamba lomaliza kulembedwa. Amayang'ana deti pamwamba, amayang'ana kalendala, kenako amafufuza pamene aphunzitsi achonga ndi cholembera chofiira. Zikagwirizana, lowa. Zikapanda kugwirizana, ngakhale ulire, ukasewera phada kunja. Zolembedwa pakatipo sawerenga. Ndinawaonapo atagwira kope la zaulimi n'kumati, "Masamu ukuyesetsa, mwanawe." Mwanayo anangoti zikomo, ndipo palibe amene anaseka.

Ana ena anayesapo kuchenjera. Anasonkherana kugula cholembera chofiira n'kumadzichongera okha kuseri kwa chigayo. Zinatheka masiku awiri. Lachitatu a Kassimu anakweza kope lina m'mwamba.

"Aphunzitsi ako ndimawameta ine, ndipo ndi amanzere. Amachonga chopendekera uku. Iwe wachonga ngati ukugaula ndi khasu. Takanena kwanu kuti wapeza ntchito ya uphunzitsi."

Aphunzitsi enieniwo akabwera kudzametetsa ankaseka nazo, ankati a Kassimu ndi ahedi a kumsika. Amayi Benedeta, wapampando wa gulu la amayi oyang'anira ana pasukulu yathu, ananenapo pamsonkhano wa makolo kuti mwana wawo womaliza anayamba kulemba deti mosamala chifukwa cha ometa, osati chifukwa cha iwo. Loweruka ndi Lamlungu kope silifunika. Lachisanu masana shopu imatsekedwa, eni ake ali kumzikiti.

Chinanso chimene muyenera kudziwa ndi wailesi yawo. Ndi kakang'ono, kakuda, kamapachikidwa pamsomali pamwamba pa galasi, ndipo kamalankhula kuyambira m'mawa mpaka potseka. A Kassimu amakakhulupirira kwambiri. Kasitomala akatsutsa nkhani, iwo amazimitsa makina kaye.

"Achimwene, munthu angavale tayi, kukwera masitepe onse aja, kukakhala pomwe dziko lonse likumumva, n'kukanama? Kunama timanama ife kuno, poti akutimva ndi anthu atatu."

Tsopano za ine. Mayeso a Folomu 4 ndinalemba chaka chatha. Ndinakhoza, koma dzina langa silinatuluke kulikonse. Anzanga awiri anapita kukoleji, wina anakwatiwa ku Mpingu, ine ndinatsala ndikukumba mtedza ndi amayi, kwinaku ndikuwerenga nyuzipepala zakale zokulungira usipa. Ndimalemba bwino, aphunzitsi anga a Chichewa ankanena okha. Ndinkayeserera kuwerenga nkhani kumunda, chimanga chikundimvera. Koma pa Nsaru pano ukamadutsa anthu amangoti, "Uyo ndi mwana wa a Harrison, uja anamaliza sukulu uja." Mawu akuti uja anamaliza ankandiwawa, chifukwa ankamveka ngati ndine amene ndinatha.

M'mwezi wa Epulo, pulogalamu ina ya masana pa wailesi ina ya mu Lilongwe inagwira nkhani ya magemu. Sabata iliyonse Lachinayi. Inkayamba ndi phokoso la mfuti, kenako muulutsi ankatsitsa mawu ngati akulengeza maliro. Kunkabwera akatswiri, kunkabwera azibusa, ankanena za ana a maiko akutali amene akuti sagona, sadya, amalusira makolo awo. Sindikudziwa kuti zoona zinali zingati, mwina zambiri. Chimene ndinaona n'chakuti pa milungu yonseyo sanaitaneko mwana ngakhale mmodzi wosewera, kapena munthu wosunga kabokosi kotere, kuti naye anenepo. A Kassimu ankamvetsera akupukusa mutu.

"Kunjaku kwaipa, anthuni. Mwamva? Ana akuphunzira kuwombera ali m'nyumba."

Akunena choncho, kumbuyo kwawo ana awiri akulimbirana kona pa mpira wa pa kanema uja. Iwo sankaona kuti nkhaniyo ikuyandikira chitseko chawo. Kwa iwo za pa wailesi zinali magemu, za m'shopu mwawo unali mpira.

Kumapeto kwa pulogalamu ina muulutsi anati, "Omvera athu a kumidzi, ngati kwanuko mwaona ana akuonongeka ndi magemu, tijambulireni, titumizireni. Tidzakutchulani dzina." Nambala ndinailemba padzanja.

Linafika Lachiwiri la sabata ya mayeso a Sitandade 8, mu Meyi, m'mawa kukuzizira. Amene munaphunzira kumudzi mukudziwa zimene zimachitika tsiku limeneli. Mayeso amayamba mawa lake, ndiye ana a makalasi enawo amabwera m'mawa atavala yunifolomu, osati kudzaphunzira koma kudzanyamula madesiki kupita nawo kumene mayeso akalembedwere. Amayenda mumsewu awiriawiri, desiki pamutu, akukangana kuti wakutsogolo akuthamanga. Akamaliza amauzidwa kuti azipita kwawo mpaka Lolemba. Tsiku limenelo a Kassimu anaima pakhomo ndi kapu ya tiyi, mzere wonse wa madesiki unadutsa pamaso pawo. Ine ndinali pabenchi la pakhonde, ndikudikira foni yanga imene inali pamoto wa sola yawo, uku ndikuwathandiza amayi Mwanahamisi kupinda samusa.

Cha m'ma naini ana asanu ndi awiri anatulukira, mitu ili tuu ndi fumbi la madesiki. Anaima pakhomo mwamanyazi, manja ali zii, opanda kope.

"Lero kope mulibe, ndaona ndekha ndi maso angawa," anatero a Kassimu. "Sasani mitu kunja konko, musandibweretsere fumbi la boma muno. Lowani."

Ndinayang'ana anawo. Yunifolomu, m'mawa, pakati pa sabata, maso ali pa kanema. Ndinakumbukira pempho la muulutsi lija. Ndinazula foni isanadzaze n'komwe.

"Ukujambula?" anafunsa a Kassimu, akukonza kolala. "Ujambule bwino, ndioneke wachinyamata."

Ndinajambula misana ya ana ndi kanema. Kenako ndinapita kuseri kwa shopu, n'kulankhula m'foni ndi mawu aja ndinkayeserera kumunda. Ndinati nthawi ndi hafu pasiti naini m'mawa, pakati pa sabata. Ndinati ana asanu ndi awiri ovala yunifolomu sali m'kalasi, ali pa magemu. Ndinati eni malo awalola okha kulowa. Ndinabwereza kanayi mpaka mawu anamveka ngati a pa wailesi, kenako ndinatumiza ku nambala ija. Munalibe bodza ngakhale limodzi, ndipo ndinadzitonthoza ndi zimenezo njira yonse yobwerera kunyumba. Za madesiki zokha ndi zimene ndinasiya. Ndinkadziwa kuti ndikaziikamo nkhani yatha.

Mawa lake anandiimbira mtolankhani wa pulogalamuyo, dzina lake Timothy. Anali waulemu, ankanditchula kuti achemwali.

"Magemu ake ndi a nkhondo, eti?"

"Ndi mpira."

"Chabwino, komabe magemu ndi magemu. Makolo akudandaula?"

"Mwina ena."

"Ena akudandaula. Zikomo achemwali, muli ndi mawu abwino kwambiri."

Sanafunse kuti linali tsiku lanji, ine sindinanene.

Nkhaniyo inatuluka Lachinayi la sabata yotsatira, mayeso atatha, sukulu zitatsegulidwa, madesiki atabwerera m'makalasi. Timothy ananditumizira nthawi yake. Ndikanatha kumvera kunyumba, koma ndinkafuna kumva dzina langa pali anthu. Ndiye ndinapita kukaima pakhomo la a Kassimu. Ndikamakumbukira zimenezi ndimadzidabwa.

Ankameta bambo wina wa kabaza, mbali imodzi itatha. Mfuti zinalira pa wailesi monga mwa masiku onse, kenako muulutsi anati, "Lero tili ku Nsaru."

"Tamvani, kwathu kuno!" A Kassimu anakweza wailesi. "Ndani ameneyo akuononga ana? Ndithu anthu ena alibe chisoni."

Muulutsi anapitiriza. Anati ana a ku Nsaru asiya makalasi, akukhalira magemu kuyambira m'mawa, makolo ali m'misozi. Anati zonsezi zikuchitikira m'shopu ina yometera ya chitseko chobiriwira, pafupi ndi chigayo. Makina ometera anazima. A Kassimu anatembenuka n'kuyang'ana chitseko chawo, ngati akuchiona koyamba.

Kenako anamveka mawu anga. Pansi pa mawuwo anaikapo mfuti zija, zikulira chapansipansi, ngati zikuchokera m'chipinda chimene ndinaimamo. Pomaliza muulutsi anati, "Watitumizira nkhaniyi ndi Prisca Harrison, mtolankhani wathu wa ku Nsaru."

"Achimwene," anatero wa kabaza uja, "malizani kaye mbali inayi. Ndituluka bwanji ngati munda wolima theka?"

A Kassimu anayatsa makina n'kumaliza bwinobwino, mpaka kumupaka sipiriti m'khosi. Sanandiyang'ane. Ndinene zoona, poti ndadzilonjeza kuti m'nkhani ino sindisiyamo kanthu: ndikuchoka pamenepo ndinali wokondwa. Foni inalira masana onse. Azakhali a ku Mpingu anaimba akululutira. Mnzanga wa kukoleji analemba kuti wandimva.

Zimene zinatsatira sindinaziyembekeze. Amayi ena ogulitsa tomato moyang'anana ndi shopuyo, amene akhala pamenepo zaka zonse zitatu akumva ana akukuwa kuti chigoli, anayamba kuuza anthu kuti iwo mfutizo ankazimva kalekale, ankangosowa wowafunsa. Abambo a pa bawo ankati timakina timeneto timaumitsa ubongo. Ana aja anayesa kunena kwawo kuti linali tsiku la madesiki, koma yankho linali limodzi nyumba zonse: "Khala chete, iwe ndi wailesi wabodza ndani?" Makolo anasiya kutumiza ana ngakhale kudzametetsa kumene. Anayamba kuwapititsa kwa mkulu wina wometa ndi lumo pansi pa mtengo wa mango.

Loweruka kunali msonkhano pabwalo la msika, gulu la amayi pamodzi ndi komiti ya msika. Amayi Benedeta sanakalipe. Ndi munthu wofatsa, amalankhula atagwira m'mphepete mwa mpango wawo.

"A Kassimu, ine ndinkakuyamikirani, aliyense akudziwa. Koma taonani, dziko lonse lamva. Achemwali anga a ku Namitete andiimbira, akuti kodi inu a gulu la amayi mumagona? Ndiwayankhe chiyani?"

A Kassimu anali atanyamula kabokosi kaja m'manja. Anati aliyense wofuna abwere adzaone, muli mpira wokhawokha. Bambo wina kumbuyo anati za mfutizo zimabisala m'kati, zimatuluka akuluakulu akachoka, nanga si tonse tinazimva pa wailesi. Anthu anavomereza. A Kassimu anafunsa kuti kodi tsiku lake linali liti. Palibe amene ankadziwa. Pamenepo amayi Benedeta anatembenukira kwa ine.

"Mtolankhani wathu ali pompano. Mwanawe, pali choonjezera?"

Atangoti mtolankhani wathu, amayi angapo anaomba m'manja. Chibadwire anthu a pa Nsaru anali asanandiombereko m'manja. Ndinaimirira, ndinagwira siketi, ndinati, "Palibe, amayi." Ndinakhala pansi.

Anagwirizana kuti kanema afundidwe mpaka msonkhano wa mwezi wotsatira, ndipo kumeneko adzagamula ngati kabokosiko kachoke pa Nsaru mpaka kalekale. A Kassimu anati zikomo, n'kubwerera kushopu kabokosi kali kukhwapa. Chitenje chofundira anapereka ndi amayi Mwanahamisi.

Ndiye tabwerera pa tsiku la ndowa lija. Ndinaitula pakhonde. M'shopu munalibe kasitomala, pansi panalibe ndi tsitsi lomwe loti n'kusesa. Ndinkayembekeza kuti andilalatira, ndipo mwina zikanandipepukira. Koma iwo anadzuka n'kundikodola kuti ndiyandikire kalendala. Tsamba la Meyi anali asanalichotse ngakhale mwezi unali utatha, ndipo m'mphepete mwa masiku munali timadontho ta pensulo.

"Ndayenda nawo masiku onsewa, limodzilimodzi," anatero. "Tsiku limene ndinalowetsa ana opanda kope ndikukumbuka limodzi lokha, la madesiki. Koma wailesi yati anathawa m'kalasi. Ndiye kapena lilipo lina limene ndaiwala. Mutuwu ukukula, mwanawe. Mwina ndinalandira kope ladzulo ndikuyesa lalero. Foni imasunga deti, eti? Tandionera."

Ndinawayang'ana kumaso kuti ndione ngati akunditchera msampha. Ayi ndithu. Munthu amene sanaphonyepo deti chiyambire, amene amadziwa dzanja la mphunzitsi aliyense, anali atatha sabata ziwiri akudzikayikira yekha, chifukwa kawailesi ka pamsomali kananena zina.

"Foni yatha moto, bambo," ndinatero.

Anatambasula dzanja. "Bweretsa. Sola yadzaza lero, palibe akuigwiritsa ntchito."

Foni inali ndi moto. Ndinaigwira m'thumba la siketi, osaitulutsa.

"Linali la madesiki, bambo. Lomwelo. Palibe lina."

Anapuma mpweya wautali. Anachotsa pensulo pakhutu n'kuzunguliza Lachiwiri lija mosamala, kawiri.

"Basi. Ndimaopa kuti ndayamba kusokoneza." Anakhalanso pampando. "Ndiye kuti a wailesiwo anasokoneza okha. Ntchito ikachuluka zimachitika."

"Sanasokoneze. Ine sindinawauze."

"Unaiwala?"

"Sindinaiwale."

Anatenga kamswachi kaja n'kuyambanso kutsuka makina amene anali oyera kale. Kunja amayi Mwanahamisi anasiya kutembenuza samusa, mafuta okha ndi amene ankamveka. Wailesi inali ikulankhulabe chapansipansi za mitengo ya soya.

"Nanga mfuti zija?" anafunsa. "Unazitenga kuti?"

"Anaikamo okha."

"Amatha kuikamo?"

"Amatha."

Anakweza maso kuyang'ana kawailesi kaja nthawi yaitali. Ndinkaganiza kuti akathimitsa, koma sanatero.

"Nanga za mvula ndikamvera kuti," anatero, ngati akudziyankha okha. Kenako anati, "Koma mawu ako anamveka bwino. Sunachite chibwibwi ngakhale pamodzi. Pita, nkhuku zayamba chimanga chako."

Anathera pomwepo. Sanandipemphe kuti ndikanene kwa wina aliyense.

Madzulo ake ndinamuimbira Timothy. Ndinamufotokozera za madesiki, za kope, za mpira. Anamvetsera mpaka kumapeto, sanandidule.

"Pepani achemwali, koma nkhani ija inadutsa kale. Sitinatchule dzina la munthu. Komanso vutolo ndi lenileni, kaya tsikulo linali lina. Kwina kwake ana akujombadi." Kenako mawu ake anasintha. "Ndimafuna ndikuimbireni ndine. Omvera anaikonda kwambiri. Mungapite ku Kabudula ndi ku Namitete mukatipezere zina zotere? Tikufuna muzimveka sabata ziwiri zilizonse."

Sabata ziwiri zilizonse. Ndinamuuza kuti ndiganize kaye. Ndipo ndinaganizadi, sindinama. Masiku awiri ndinkamenya mtedza ndi amayi ndikudzimva ndekha m'mutu ndikuti, Prisca Harrison, Kabudula. Prisca Harrison, Namitete. Zimakoma. Ndinafika mpaka poganiza kuti ku Kabudula sindikudziwako munthu, ndiye sikungakhale kovuta. Koma nthawi iliyonse ndinkaonanso timadontho ta pensulo tija m'mphepete mwa kalendala, tsiku ndi tsiku, munthu wamkulu akufufuza pamene analakwa.

Msonkhano wogamula za kabokosi uja ndi Loweruka likubwerali. Timothy ndamulembera kuti ku Kabudula sindipita. Ndamuuza kuti nkhani imene ndili nayo ndi ya ometa amene amayendera makope, akaifuna aitenge yonse, yopanda mfuti. Sanayankhe, ndipo sindikudikira.

Ndatenga kope langa la Folomu 4 limene linatsala masamba, ndi limene ndalembamo zonsezi. Loweruka sindidikira kuti amayi Benedeta andiitane. Ndidzaimirira ndekha, ndidzawapatsa foni m'manja kuti aone deti ya chithunzi chija, kenako ndidzawerenga masamba awa kuyambira pa funso la a Kassimu lija mpaka pano, pamodzi ndi pamene ndinati palibe choonjezera. Ndikudziwa kuti m'manja simudzaombedwa, ndipo mwina ndidzabwerera kukhala uja anamaliza sukulu. Mawu anga ndi omwe aja anamveka pa wailesi, ndiye mwina amene anawakhulupirira ali m'wailesi adzawamveranso ali pamaso pawo. Akapanda kumva, ndidzapita khomo ndi khomo kwa makolo a ana asanu ndi awiri aja.

Pamwamba pa tsamba loyamba ndalemba deti yalero. Popita kumsonkhano ndidzadutsira pa chitseko chobiriwira, ndidzawapatsa a Kassimu kopeli kuti ayambe aona iwo.